MLENDO WA KALE NDI MLENDO WA LERO

Masiku ano anthu ali kuyenda kopambana mibadwo yonse ya kale. Bungwe la United Nations loyang'anira za maulendo linawerenga kuti m'caka ca 1950 anthu amene anaoloka malire kukaceza m'maiko a eni anali mamiliyoni 25, koma m'caka ca 2019 anapitirira mamiliyoni 1,400. Munthu akhoza kudya nsima ya madzulo mu Lusaka, nakwera ndeke, ndipo dzuwa la mawa lisanalowe ali kuyenda m'miseu ya London. Ici ndi cinthu cozizwitsa, ndipo sitiyenera kucinyoza. Komabe pali funso limene ndifuna kuti inu ana a sukulu muliganizire bwino. Kodi anthu oyenda msanga cotere abwerako ndi nzeru zoposa zija anabwera nazo anyamata a kale, amene anatha milungu kapena miyezi pa njira?

Ine ndiyesa kuti iai. Sindinena kuti anthu a kale anali ocenjera kopambana a lero. Cifukwa cace ndi ici: mlendo wa kale sanathe kufika kumene anali kupita popanda kuthandizidwa ndi anthu osawadziwa. Anafunsa njira, anapempha pogona, anadya ca eni, naphunzira moni wa eni. Mlendo wa lero alipiriratu zonse asanacoke kwao, motero sasowa munthu pa njira. Tsono amene sasowa anthu, acedwa kuwadziwa.

Tiyeni tiyambe taona cimene cinacotsa anyamata pa mudzi masiku aja. Sanapite kukaona malo ai. Ambiri anacoka cifukwa ca msonkho ndi kusowa ndalama. Anyamata a ku Petauke ndi a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anayenda pansi milungu yambiri kupita ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Ena anapitirira kufikira ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg. Owerengeka anacoka kukafuna maphunziro, pakuti dziko lathu linalibe sukulu ya maphunziro apamwamba koposa kufikira m'caka ca 1966, pamene University of Zambia inatsegulidwa. Pa nthawi imene tinalandira ufulu, m'caka ca 1964, eni dziko amene anatsiriza maphunziro otere anali ngati 100 cabe, ndipo pafupi-fupi onse anakawatenga kunja: ku Fort Hare m'dziko la South Africa, ku Makerere m'dziko la Uganda, ku India ndi ku Britain. Simon Kapwepwe, amene pambuyo pace anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, anakhala zaka zingapo ku India m'zaka za m'ma 1950.

Woyenda wina wochuka anali Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Iye ananyamuka pa mudzi pao m'caka ca 1958, wopanda nsapato, alikufuna kukaphunzira ku America. Mbali yaikulu ya njira anayenda pansi, kupyola Tanganyika ndi Uganda, naima m'midzi kugwira nchito kuti apeze cakudya, ndipo anafika ku Khartoum, m'dziko la Sudan, m'caka ca 1960. Sukulu ya Skagit Valley College ku America inabvomera kumlandira, ndipo anthu a kumeneko, amene anali asanaone nkhope yace, anasonkha ndalama za ulendo wace wotsala. Pambuyo pace analemba buku lofotokoza ulendowo, lochedwa I Will Try, limene linasindikizidwa m'caka ca 1965. Taonani, mnyamata ameneyu analibe cuma, koma anafika, cifukwa anthu anapatsirana iye monga apatsirana mtolo pa njira.

Inenso ndinali mmodzi wa anyamata amene anacita mwai. M'caka ca 1959 ananditumiza ku England kukaonjezera maphunziro a uphunzitsi. Ndinadikira pasipoti miyezi ingapo, ndipo ananditemera katemera wa nthomba, nthenda imene inalengezedwa m'caka ca 1980 kuti yatha pa dziko lonse lapansi. Amai anandikonzera kamba wa nshawa zokazinga, mbatata ndi nkhuku yoocha. Amalume anandipatsa kalata yoti ndikapereke kwa munthu wina wa kwathu amene anali kugwira nchito ku Cape Town, nati, "Mphwanga, ukayenda uzisiya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza."

Kucokera ku Fort Jameson kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita ngati 570. Masiku amenewo mseu unali wafumbi, ndipo tinayenda masiku awiri pa basi. Tinagona pa Kacholola, m'mawa mwace tinatsikira m'cigwa cotentha ca Luangwa, ndi kukweranso mapiri a ku Rufunsa. Pa Lusaka ndinakwera sitima ya pa njanji. Tinapyola madambo a Kafue ndi dziko la Atonga la ng'ombe zambiri, tinaoloka Zambezi pa ulalo umene unamangidwa m'caka ca 1905 pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, tinaona utsi wa malasha pa Wankie, pamene lero ndi pa Hwange, ndipo tinasintha sitima pa Bulawayo. Pocoka apo tinalowa m'dziko louma la Bechuanaland, limene tsopano ndi Botswana. Tinapitirira Mafeking ndi Kimberley, mudzi wa miyala ya dayamondi, ndi kuyenda tsiku lathunthu m'cipululu ca Karoo, mmene muli nkhosa zambiri koma mitengo mulibe. Potsiriza tinatsika mapiri, tinaona minda ya mpesa, ndipo patsogolo pathu panaoneka nyanja yamcere yopanda tsidya.

Cinthu coyamba cimene ulendo wotere unaphunzitsa munthu ndico kukula kwa dziko. Pa mapu a m'kalasi, kucokera ku Lusaka kufika ku Cape Town ndi kutalika kwa cala cimodzi. Koma amene wakhala pa benci la thabwa usana ndi usiku masiku anai adziwa mtundawo ndi msana wace. Ndinaona ndi maso anga mmene mitengo ya misuku ndi miombo inathera, mmene minga inayambira, ndi mmene nyumba ndi zobvala za anthu zinasinthira pang'ono-pang'ono. Zinenero nazonso zinasintha comweco. Pamene ife tinena madzi, Atonga anati meenda, Andebele anati amanzi, Atswana anati metsi. Pamene ife tinena munthu, iwo anati muntu, umuntu, motho. Palibe mphunzitsi amene anandiuza kuti mitundu yonseyi ndi ya pa cibale. Ndinazimva ndekha ndi makutu anga pa masitesheni, pogula madzi ndi buledi. Wokwera ndeke adumpha zonsezi ali m'tulo pamwamba pa mitambo.

Cinthu caciwiri ndico kukoma mtima kwa anthu. Kamba wanga anatha tisanafike ku Bulawayo, koma sindinagone ndi njala, pakuti m'ngolo yathu munthu sanali kumasula phukusi lace osagawira mnzace wokhala naye pa benci. Ku Cape Town ndinapeza mwini kalata uja. Anali bambo wa imvi, wophika pa hotela yina, amene anacoka kwathu ndisanabadwe. Anthu otere tinali kuwacha machona. Atamva Cinyanja ca kwao anakhala cete nthawi yaitali, misozi ili m'maso. Anandigoneka m'kacipinda kace mausiku awiri, ngakhale malamulo a dziko lija sanalole kutero, nandifunsa maina a mafumu, a mitsinje ndi a anthu amene anafa kale. Tsiku lokwera sitima ya pa madzi anandipatsa jasi lace lolemera, nati, "Mwana wanga, kumene upitako kuzizira kwace sukudziwa. Sindifuna ndalama. Koma ukabwerera, ukauze mlongo wanga kuti ndili moyo." Patapita zaka ziwiri ndinakafikitsa mau amenewo, ndipo mai wokalambayo anabvina ndi kulira nthawi imodzi. Motero mlendo wa kale anali kalata yamoyo pakati pa anthu olekana.

Cinthu cacitatu ndico nthawi yokonzekera mtima. Sitima zonyamula makalata za Union-Castle zinali kuyenda mlungu uli wonse pakati pa Cape Town ndi Southampton, ndipo ulendo wace unatha pafupi-fupi milungu iwiri. Masiku oyamba mutu unazungulira cifukwa ca mafunde, koma pambuyo pace ndinayamba kupenya zondizinga. Ndinaona nsomba zouluka pamwamba pa madzi. Usiku uli wonse nyenyezi zinai zija zooneka ngati mtanda, zimene tiziona kumwera, zinatsikira-tsikira mpaka zinabisika, ndipo kumpoto kunaturuka nyenyezi yina imene sisuntha pa malo pace. Apo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko ndi lobulungira. Pa cisumbu ca Madeira anyamata anabwera ndi timabwato, namira m'madzi kutola makobiri amene apaulendo anaponya. M'sitimamo ndinazolowerana ndi mkulu wina wacizungu amene anali kubwerera kwao atatsiriza nchito ya m'migodi. Iye anandifotokozera za sitima zoyenda pansi pa nthaka mu London ndi za miyambo ya pa nyumba za kwao. Ine ndinamphunzitsa nsolo, titajambula maenje pa cipepala ndi kuika mabatani m'malo mwa miyala. Pofika ku Southampton mantha anga ambiri anali atatha.

Ku England ndinaona cinthu cimene sindinacionepo kwathu: Azungu onyamula katundu wa apaulendo pa doko, Azungu osesa m'miseu, Azungu osauka. Ici cioneka cacing'ono kwa inu amene munabadwira mu ufulu, koma kwa ife cinali cacikulu. Tinazindikira kuti khungu siligawira munthu nchito kapena nzeru, ndipo anyamata amene anabwerera ndi cidziwitso cimeneci sanabvomerenso kuyesedwa ana m'dziko lao lomwe. Pofuna nyumba yogonamo, zitseko zina zinatsekeka nditangoonetsa nkhope. Koma mai wina wamasiye, amene mwamuna wace anafera ku nkhondo, ananditsegulira cace. Anandionetsa kuponya sheleni m'kabokosi kuti moto wa gasi uyake, ndipo ndinkadya naye pa gome limodzi. Ndikadakhala ndi ndalama za hotela, sindikadadziwa kuti m'dziko limodzi muli zitseko za mitundu iwiri.

Mwezi uli wonse ndinalemba kalata ya kumudzi. Amai sanadziwe kuwerenga, motero mphunzitsi wa pa mudzi anali kuwawerengera pa khonde, anthu ambiri atasonkhana. Podziwa ici, ndinayenera kupenyetsetsa zinthu kuti ndizifotokoze bwino kwa anthu amene sanaonepo nyanja kapena cipale cozizira cakugwa ngati ufa. Ulendo wa munthu mmodzi unaphunzitsa mudzi wonse.

Kapena wina adzati, "Nkhalamba zonse zitamanda kale lao; kodi masiku amenewo analibe zoipa?" Zinalipo, ndipo zinali zambiri. Munthu wakuda sanayende popanda citupa. M'masitolo ena a m'dziko lathu lomwe tinali kugulira pa zenera, osaloledwa kulowa pa khomo. Ku South Africa mabenci, zipata ndi ngolo za sitima zinalembedwa mau osiyanitsa mitundu, ndipo pa sitesheni yina anandithamangitsa pa mthunzi pamene ndinakhala, cifukwa mthunziwo sunali wa anthu a khungu langa. Mwa anyamata oyenda pansi kupita ku migodi, ena anajiwa ndi mikango, ena anafa ndi malungo ndi njala, ndipo manda ao sadziwika. Akazi anakalamba alikudikira amuna amene sanabwerere. Atsikana amene anapeza mwai wokaphunzira kunja anali ocepa ndithu. Uthenga wa maliro unafika kwa mwana wa kutali mai wace ataikidwa kale. Ndani angafune kuti masiku otere abwerenso? Ine sindifuna. Ndeke ndi yabwino: ifikitsa wodwala kwa sing'anga, ndi mwana pa maliro a kholo lace. Cimene ndidandaula si fumbi kapena benci la thabwa ai, koma nzeru zimene zinatayika pamodzi ndi mabvutowo, pamene zikadatha kusungika.

Kusinthaku kunadza motere. Pa 2 May 1952 ndeke ya jeti yochedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36, niima m'malo asanu, otsiriza ace ndiwo Livingstone m'dziko lathu lino, ndipo inafika ku Johannesburg maola 24 asanakwane. Imeneyi inali ndeke yoyamba ya mtundu umenewu kunyamula anthu olipira. Poyamba okwera anali olemera okha. Koma m'caka ca 1970 inayamba kuuluka ndeke yaikulu ya Boeing 747, yonyamula anthu oposa 300 nthawi imodzi, ndipo mtengo wa ulendo unayamba kutsika. Sitima za pa madzi zinasowa okwera, ndipo m'caka ca 1977 zija za makalata za pakati pa Cape Town ndi Southampton zinaleka kuyenda. Pamenepo panaculuka mtundu watsopano wa apaulendo, oyenda m'magulu kukaona malo ochuka, amene cakudya cao, pogona pao ndi wowatsogolera zikonzedweratu iwo asananyamuke.

Apaulendo otere tiwaona ngakhale kwathu kuno. Atsika pa bwalo la ndeke la Mfuwe, nakwera galimoto kulowa m'nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Ajambula njobvu, mikango ndi mvuu, ndipo patapita masiku atatu abwerera. Ndalama zao zithandiza dziko ndi kupatsa anthu nchito, motero tiwalandira ndi manja awiri. Koma ndi angati mwa iwo amene adziwa kuti eni ace a cigwa cimeneco ndi Akunda? Ndi angati anamva mmene mlimi agonera pa msasa kulinda cimanga cace kuti njobvu zomwezo zisacithe? Aona nyama za dziko, koma dzikolo sanalidziwe. Tisaseke alendo okha, pakuti ana athu enanso acita cimodzi-modzi. Apita ku maiko akutali, nagona m'hotela, nagula katundu m'masitolo akulu, nabwerera osadziwa ngakhale liu limodzi la moni wa kumeneko. Akasocera safunsa munthu, afunsa foni ya m'manja. Foniyo iwauza njira, inde, koma siingawaitanire ku nyumba kukadya.

Anzathu Abemba ali ndi mwambi wonena kuti mwana wosayenda atamanda amace okha kuti ndiwo adziwa kuphika nsima. Mwambiwu ndi woona. Koma tionjezepo kuti mwana amene ayenda atasenza mphika wa amace kuli konse apitako, osalawa ca eni, nayenso ali ngati wosayenda.

Tsono inu ana mungacite ciani? Coyamba, funsani akulu amene anayenda masiku aja akali moyo. M'midzi mwanu mukali agogo amene anagwira nchito ku Wankie, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg. Atsala owerengeka, ndipo caka ndi caka ali kucepa. Afunseni njira imene anadzera, cimene anadya, ndi amene anawathandiza, ndipo mulembe mau ao m'buku. Nkhani zimenezi sizinalembedwe zonse, ndipo mwini wace akapita, zipita naye.

Caciwiri, musayese kuti ulendo uyamba pa bwalo la ndeke. Mwana wa ku Katete amene apita kukaceza ku Mongu kapena ku Kasama ali kale pakati pa cinenero cina ndi miyambo yina. Aphunzire moni wa eni asanafike. Adye cimene ampatsa, nayamike. Apenye pa zenera la basi m'malo mwa kuwerama pa foni. Akasowa njira afunse munthu, pakuti safunsa anadya phula.

Cacitatu, mukadzakula ndi kupeza mwai wopita ku maiko a kutali, kwerani ndeke mokondwa, koma mukatsika musafulumire. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pitani ku msika kumene eni dziko agula ndiwo zao, kwerani basi imene iwo akwera, ndipo wina akakuitanani ku nyumba kwace musakane. Lolani kuti anthu akuthandizeni, pakuti ubwenzi uyamba pamene wina asowa ndipo wina apatsa. Mukabwerera, fotokozerani a kwanu zimene munaona, zabwino ndi zoipa zomwe, mosaonjezera.

Kumbukiraninso kuti mlendo akafika pa khomo panu, watopa ndiponso sadziwa cinenero canu, inu ndinu amene mudzamphunzitsa za dziko lathu. Cimene mudzamcitira ndico adzakanena kwao. Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mpatseni madzi ndi mpando akali pomwepo.

MAFUNSO

1. Chulani zifukwa ziwiri zimene anyamata a kale anacokera pa mudzi kupita ku maiko ena.
2. Kodi Legson Kayira anafika bwanji ku America, pokhala analibe ndalama?
3. Pezani pa mapu malo awa: Bulawayo, Kimberley, Cape Town, Madeira, Southampton.
4. Fotokozani tanthauzo la mau akuti, "Ukayenda uzisiya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza."
5. Kodi mubvomerezana ndi wolemba kuti woyenda msanga aphunzira zocepa? Perekani zifukwa zanu.